Leonard Kamungu: Mwana wa ku Chia amene anatsegula Msoro

Ife a ku Malambo tikamva dzina la Jumbe timaganiza za mfumu yathu ya Akunda. Koma kale kunali Jumbe wina ku Nkhotakota, m'mbali mwa nyanja ya Malawi, amene sanali mbale wathu ai. Iyeyu anali Mswahili wogula ndi kugulitsa anthu. Caka ciri conse zombo zace zinali kuolotsa akapolo zikwi zambiri, ndipo akafika tsidya lija anali kuyenda pansi mpaka ku Kilwa. Pafupi ndi dooko limeneli, ku Chia, ndi kumene kunabadwira Leonard Kamungu m'caka ca 1877. Motero goli ndi unyolo sanazimvere m'nthano monga ife. Anakulira pakati pace.

Amishoni a UMCA, a mpingo wa Anglican, anamuphunzitsa, kenaka anamutumiza ku Zanzibar ku sukulu ya Kiungani. Sukuluyi inayambira pa ana opulumutsidwa m'zombo za akapolo. Mumzinda womwewo, msika waukulu wa akapolo unatsekedwa mu 1873, ndipo Bishopu Edward Steere anamanga chalichi cacikulu pamalo peni-peni pamene anthu anali kutsatsidwa ngati mbuzi. Taganizani mnyamata wa kunyanja kugwada m'nyumba yotere.

Pano tiyenera kunena zoona, cifukwa ena amatifunsa pambuyo pa mapemphero. Kodi Baibulo silinalole ukapolo? Inde, m'kalata ya kwa Aefeso akapolo auzidwa kumvera ambuye ao, ndipo azungu ambiri okhala ndi minda ku America anabisala kumbuyo kwa mau amenewo. Koma anali kuwerenga ndi diso limodzi. Eksodo 21:16 ikuti wakuba munthu ndi kumgulitsa aphedwe. Pa 1 Timoteo 1:10 akuba anthu aikidwa m'gulu limodzi ndi ambanda. Ndipo Paulo pobweza Onesimo kwa Filemoni anapempha kuti amlandire ngati mbale, osatinso ngati kapolo. Kwa ife, amene anagwetsa msika wa ku Zanzibar ndiwo anawerenga bwino.

Kamungu anadzozedwa udikoni mu 1902 ndi unsembe mu 1909, kukhala wansembe woyamba wa Anglican wobadwira m'dziko la Nyasaland. Anatumikira ku Lungwena pakati pa Ayao, ndiponso kwao ku Nkhotakota. Pamene dayosisi ya Northern Rhodesia inakhazikitsidwa mu 1910, Bishopu John Hine anafuna munthu wokatsegula nchito kum'mawa kuno. Kamungu anasiya nyanja, abale ndi nsomba za kwao, nabwera kwa Mfumu Msoro. Onani bwino: mishoni imeneyi sinayambidwe ndi mzungu.

Anapeza anthu otani? Panali patangopita zaka khumi ndi mphambu zocepa cigonjetsedwe ca Angoni a Mpezeni mu 1898. Akulu-akulu anali kukumbukirabe abale ao otengedwa ndi Angoni, ndi ena ogulidwa ndi Acikunda pamodzi ndi minyanga ya njovu. Goli linali litacoka m'khosi, koma mantha anatsala mumtima: kuopa mfiti, kuopa mwavi, kuopa mnzako wa pakhomo. Ukapolo umenewu ndi wouma koposa, pakuti palibe boma lingautseke ndi lamulo monga linatsekera msika uja. Yesu pa Yohane 8 anakamba za ukapolo wa ucimo, umene umamanga ngakhale munthu wonyadira kuti ndi mfulu. Sitiyenera kuyang'ana kutali. Tikuona agogo akupirikitsidwa pamudzi cifukwa ng'anga yaloza cala, ndi bambo amene ndalama ya thonje ya caka conse imathera ku kacasu ana asanagulidwe unifomu.

Kamungu anayenda pansi m'midzi, m'dzuwa la cigwa lino limene ife eni ace timalidandaula mu Okutobala, natsegula masukulu ndi kukonzekeretsa anthu ubatizo. Nthawi yace inali yaifupi. Anamwalira ku Msoro pa 27 Febuluwale 1913, asanafike zaka 40, ndipo mbiri yomveka kufikira lero ndi yakuti anamuthirira mankhwala m'cakudya.

Chalichi ca Luka Woyera ku Msoro cinadzakhala likulu la dayosisi ya Eastern Zambia, ndipo ku Zomba m'dziko la Malawi kuli sukulu ya ansembe yochedwa dzina lace. Mpingo wa Anglican m'cigawo ca pakati pa Africa umamkumbukira caka ndi caka pa tsiku limene anamwalira.