Mbiri ya Dotolo Maria Montessori, Mai Amene Anaphunzitsa Ana Kulemba ndi Zala Zao

Ali yense woyenda m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Chiradzulu waonapo ana atakhala pansi pa mtengo wa mango, wina akuumba ng'ombe ya dongo, wina akujambula mumcenga ndi cala. Ife akulu timangopitirira, kapena kuwakalipira kuti akudetsa zobvala. Koma kunali mai wina wa ku Italy, Mkatolika mnzathu, amene anapenyetsetsa manja a ana otere zaka zoposa 50, ndipo zimene anaonazo zinasintha masukulu a ana ang'ono m'maiko ambiri. Dzina lace ndiye Maria Montessori.

Iye anabadwa pa 31 Ogasiti 1870 m'mudzi wa Chiaravalle, kufupi ndi Ancona. Atate ace, Alessandro, anali kalaliki wa boma, munthu wosunga miyambo yakale. Amai ace, Renilde, anali okonda mabuku. Banja litasamukira ku Rome, mtsikanayo anakana nchito ya uphunzitsi imene onse anali kumlozera, nanena kuti afuna udotolo. Atate ace sanakondwere nazo. Anyamata a pa yunivesite nao anamnyodola, ndipo popeza masiku amenewo kunali kosayenera kuti mkazi aone mtembo wosabvala pamodzi ndi amuna, anamlamula kuti azing'amba mitembo yophunzirira ali yekha, anzace onse ataweruka. Anapirira zonsezi, ndipo m'caka ca 1896 anatsiriza, nakhala mmodzi wa madotolo oyamba acikazi m'dziko la Italy.

Nchito yace inamfikitsa m'nyumba zosungira amisala, m'mene anali kutsekeramonso ana ofooka nzeru. Tsiku lina mai wowayang'anira anamdandaulira kuti anawo ngadyera, pakuti akatha kudya anali kukwawa pansi kutola nyenyeswa za buledi. Dotoloyo anayang'ana cipinda conse: munalibe kanthu kali konse kakuti mwana agwire. Pamenepo anazindikira kuti njala imene inawagwetsa pansi inali ya m'manja, yofuna cogwira ndi coseweretsa.

Tsono anayamba kuwerenga mabuku a madotolo awiri a ku France, Jean Itard amene anatumikira ana osamva ku Paris, ndi wophunzira wace Édouard Séguin, amene anaphunzitsa kuti nzeru za mwana zimadzuka podzera m'maso, m'makutu ndi m'zala. Anthu a ku Nguludi, kumene kuli koleji ya Montfort yosula aphunzitsi a ana osaona ndi osamva, sadzadabwa nazo zimenezi. M'caka ca 1900 Montessori anaikidwa kukhala mmodzi wa akulu awiri a sukulu ya ana ofooka nzeru ku Rome. Kumeneko kunali mtsikana wa zaka 11 amene analephera kusoka zigamba, ngakhale anamsonyeza kawirikawiri. Dotoloyo anamlanda singano, nampatsa timizere ta mapepala kuti aziluka monga tilukira mphasa, pamwamba ndi pansi, pamwamba ndi pansi. Atazolowera, anambwezera singano ija, ndipo mtsikanayo anasoka. Apa ndipo panacokera nzeru yace yaikulu: dzanja liyambe lazolowera njira yace m'masewera, nchito yeniyeni isanafike. Anapangitsa zilembo za matabwa kuti ana azizisisita, ndipo ena mwa ana aja, amene anthu anawayesa opanda pace, anakhoza mayeso a boma pamodzi ndi ana ena onse. Anthu anazizwa, iye yekha anadzifunsa kuti masukulu wamba akuwacita ciani ana abwinobwino kuti afanane ndi odwala ace.

Sitingabise ciroda cimene anayenda naco m'mtima. M'caka ca 1898 anabala mwana wamwamuna, Mario, kwa dotolo mnzace Giuseppe Montesano, osakwatirana naye. Khandalo linaperekedwa kwa anthu ena kumidzi kuti alilere, ndipo mai wace anali kukaliona monga mlendo cabe. Montesano atakwatira mkazi wina mu 1901, Maria anacoka pa sukulu ija nabwerera ku yunivesite. Mwana waceyo anamtenga mu 1913 ali mnyamata kale. Kuweruza nkwa Mulungu. Ife tingoona kuti mkazi amene anaphunzitsa dziko kulemekeza mwana anasowa wace wa iye mwini zaka pafupifupi 15.

Ku Rome kunali dera la amphawi lochedwa San Lorenzo. Makolo akapita ku maganyu, ana anali kutsala okha, nadetsa makoma ndi kuononga makwerero a nyumba. Mkulu woyang'anira nyumbazo, Edoardo Talamo, anaona kuti kusonkhanitsa anawo m'cipinda cimodzi nkochipa kuposa kupaka laimu kawirikawiri, ndipo anapempha Montessori kuti awayang'anire. Cipindaco cinatsegulidwa pa tsiku la Epifania, 6 Januwale 1907, ndi ana okwana ngati 50, nacichula Casa dei Bambini, ndiko kuti Nyumba ya Ana. Anaikamo mipando ndi matebulo a msinkhu wao. Anawaphunzitsa kusamba m'manja, kusesa, kumanga mabatani, ndi kunyamula mbale ya msuzi osataya. Za kulemba sanaganizeko konse, pakuti iyenso anakhulupira monga onse kuti zimenezo nza ana a zaka 6.

Amene anamkakamiza ndiwo amai a anawo, ambiri a iwo osadziwa kulemba ngakhale dzina lao. Anadza nampempha kuti, popeza ana aphunzira zambiri mosatopa, awaphunzitsenso zilembo. Ndalama zopangitsira zilembo za matabwa panalibe. Cotero iye ndi omthandiza anakhala pansi ndi sizasi, nadula zilembo zazikulu m'mapepala olimba. Zina anazidula m'sandipepa, pepala lokhakhala lija limene amisiri asalazira matabwa, nazimata pa timakatoni tosalala. Umphawi unamthandiza apa, pakuti cala cikacoka pa mzere wokhakhala nkugwera posalala, mwana amadziwa yekha kuti wasocera, popanda womdzudzula.

Kacitidwe kace kanali kotere. Mphunzitsi atenga zilembo ziwiri zokha, nayendetsa cala pa cimodzi monga umo cilembedwera, nachula liu lace, osati dzina lace. Mwana acita comweco. Pambuyo pace mphunzitsi amuuza kuti ampatse cakuti, ndipo potsiriza amfunsa kuti ici nciani. Mwana akaphonya, mphunzitsi samkalipira, angosunga zilembozo kufikira tsiku lina. Ana ena anali kusisita atatsinzina, mwa kufuna kwao. Pa nthawi zina anali kudzaza zithunzi ndi mapensulo a mitundumitundu kuti dzanja lizolowere kugwira, ndiponso anali kuyala zilembo zodulidwa zija kupanga mau amene amva. Palibe anawauza kuti akuphunzira kulemba.

Tsiku lina la Disembala m'caka comweco, dzuwa likuwala, anakwera ndi ana pa denga lathyathyathya la nyumbayo. Anapatsa coko mnyamata wa zaka 5 kuti ajambule potulukira utsi. Mwanayo anajambula, kenaka anakhala phee, nagwada, nalemba liu lathunthu pansi, nayamba kupfuula ndi cimwemwe kuti walemba. Liulo linali mano. Owerenga asaganize za m'kamwa, pakuti pa Citaliyana mano ndi dzanja, ndipo linali liu lomuyenera. Anzace anamzinga, nalanda coko, nayamba kulemba naonso. Masiku otsatira analemba pa zitseko, pa makoma, kwao pansi, ena mpaka pa buledi, kotero kuti amai ao anawagulira mapepala ndi mapensulo kuti apulumutse nyumba. Pa Khrisimasi ana awiri a zaka 4 analembera Talamo kalata yothokoza. Cozizwitsa cina ncakuti kulemba kunatsogola, ndipo kuwerenga zolemba za ena kunadza pambuyo.

Tikhale pano pang'ono, cifukwa nkhaniyi itikhudza. Citaliyana cimalembedwa pafupifupi monga cimvekera, ndi zilembo zisanu zija a, e, i, o, u, ndipo Cicewa cathu ciri cimodzimodzi; mwana wodziwa liu la m ndi la a wapeza kale ma. Mai wa ku Namitambo kapena ku Mbulumbuzi safunika sandipepa wa m'sitolo. Alembe cilembo pa katoni ndi phala la cinangwa, awazepo mcenga wa kumtsinje, aumike padzuwa. Athire mcenga m'licero kuti mwana alembemo ndi cala nafafanize yekha. Dongo loumbira ng'ombe lingaumbenso o ndi s, ndipo nyemba kapena cimanga ziyalika bwino pa mzere wolembedwa ndi khala. Masukulu ambiri ochedwa ndi dzina la Montessori lero ali a anthu olemera, ndipo ici ncomvetsa cisoni tikakumbukira kuti zonse zinayamba ndi sizasi pakati pa ana a anthu aganyu.

Mbiri ya San Lorenzo inawanda msanga. Buku lace lofotokoza njirayi linaturuka mu 1909, ndipo m'Cingelezi mu 1912. Asisteri a Franciscan Missionaries of Mary anatsegula Nyumba ya Ana ku Via Giusti, nalandiramo ana amasiye a cibvomezi cimene cinagwetsa mzinda wa Messina mu 1908. Ku Barcelona, kumene anakhala zaka zambiri, anayesa njira yomweyo pa katekisimu: anakonza kachalichi ka msinkhu wa ana, ndipo anawo analima okha tirigu ndi mpesa kuti amvetse za mkate ndi vinyo wa pa altare. Analembanso buku lofotokozera ana Misa Yoyera. Papa Benedikto XV anadalitsa nchito yace mu 1918. Koma si onse m'Eklezia amene anamkhulupira, pakuti ena anaopa kuti ufulu wocuruka ndi kusowa kwa cilango ziiwalitsa chimo loyamba. Otsutsa ena anati ngwouma mtima pa zipangizo zace, wosalola kuti munthu asinthe kanthu, ndipo pamenepo sanali kunama kweni kweni.

Olamula ankhanza a ku Ulaya sanamkonde. Masukulu ace ku Germany anatsekedwa mu 1933. Mussolini, amene poyamba anamthandiza, anafuna kuti masukuluwo asule ana omvera cipani. Awiriwo anasemphana, ndipo mu 1934 Montessori anacoka ku Italy. Nkhondo ya paciweniweni ya ku Spain inamthamangitsa ku Barcelona mu 1936. Mu 1939 anapita ku India ndi Mario kukaphunzitsa miyezi yowerengeka, koma nkhondo yaikulu inawatsekereza komweko kufikira 1946. Angelezi anamtsekera Mario kwa kanthawi monga nzika ya dziko la adani. M'zaka zimenezo anasula aphunzitsi ambiri a ku India, mwana wace uja akumasulira mau ace.

Dzina lace linaperekedwa katatu, mu 1949, 1950 ndi 1951, kuti alandire mphotho ya Nobel ya mtendere, koma sanailandire. Anamwalira pa 6 Meyi 1952 ku Noordwijk, m'mbali mwa nyanja ku Holland, ali ndi zaka 81, masiku amene anali kukambirana ndi Mario za ulendo wodza ku Afrika kudzasula aphunzitsi. Popeza anafuna kuikidwa kumene imfa idzampeze, anamuika m'manda a Akatolika a m'mudzi womwewo. Patapita zaka ziwiri, Sofia Cavalletti ndi Gianna Gobbi anayamba ku Rome katekisimu wa Mbusa Wabwino, m'mene ana aphunzira Uthenga Wabwino akugwira ndi manja ao tinkhosa ta matabwa.