Robert Burns, Mlakatuli wa Askoti (1759–1796)

Ife a ku Dambwa timadziwa Mskoti mmodzi, David Livingstone, amene anaona mathithi a Mosi-oa-Tunya mu 1855, ndipo mzinda wathu unapatsidwa dzina lace. Koma pali Mskoti wina amene anthu a kwao amamkumbukira ndi phwando caka ndi caka, ndiye Robert Burns.

Burns anabadwa pa 25 January 1759 ku Alloway, m'nyumba yaudzu imene atate wace anamanga. Anali mwana wa mlimi wosauka, nalima kuyambira ubwana wace. Anapeka ndakatulo ndi nyimbo m'cinenero ca anthu wamba, cimene ophunzira ambiri anacipeputsa, ndipo buku lace loyamba linasindikizidwa ku Kilmarnock mu 1786. Ulimi utamkanika anakhala wokhometsa msonkho, namwalira ku Dumfries pa 21 July 1796, ali ndi zaka 37 zokha.

Mu 1801 abwenzi ace anasonkhana m'nyumba yaudzu ija kudzamkumbukira, nadya haggis, cakudya cimene iye anacitama m'ndakatulo. Pocikonza amaduladula mtima, ciwindi ndi mapapu a nkhosa, nasanganiza ndi anyezi, mafuta, mcere ndi ufa wa oats. Zonsezi amaziika m'cifu ca nkhosa, nazisokerera, naziwiritsa maola ngati atatu. Amadyera mbatatesi ndi turnip zopota. Lero phwandoli limacitika pa tsiku lace lobadwa.

Onani, abale, mtundu wonse ulemekeza mlimi wosauka ndi zamkati za nkhosa. Nafenso tisacite manyazi ndi cinenero cathu, kapena ndi nsima ndi ndiwo za kwathu.