Bambo David Rubadiri, Mphunzitsi ndi Mlakatuli Wobadwira Kunyanja

Amayi anzathu, ana athu akamasankha maphunziro a ndakatulo ndi mabuku a Chingerezi ku yunivesite, ambiri a ife timadandaula kuti adzadya chiyani. Tiyeni tikumbukire malemu Bambo James David Rubadiri.

Iwo anabadwa m'chaka cha 1930 ku Liuli, kutsidya kwa nyanja yomweyi imene timachapamo kuno ku Salima. Anaphunzira ku King's College Budo ndi ku Makerere m'dziko la Uganda. Mu 1959 boma la atsamunda linawatsekera m'ndende, koma atatuluka anakapitiriza maphunziro a mabuku a Chingerezi ku Cambridge.

Mu 1964 anakhala kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku United Nations. Patangopita chaka anatula pansi udindowo posagwirizana ndi ulamuliro wa Dr Banda. Taganizani, ntchito yapamwamba chotere, munthu ali ndi banja, n'kuisiya! Zaka pafupifupi 30 anakhala kunja osaponda kwawo. Chimene chinawadyetsa ndi maphunziro omwe aja: anaphunzitsa ku Makerere, Nairobi, Ibadan ndi Botswana. Mu 1967 anasindikiza buku lakuti No Bride Price, ndipo ndakatulo yawo ya An African Thunderstorm yaphunzitsidwa m'sukulu za mayiko ambiri.

Atabwerera kumudzi, mu 2000 anakhala mkulu wa Yunivesite ya Mzuzu. Anamwalira pa 15 September 2018 ali ndi zaka 88.