Bambo Leonard Kamungu

Leonard Kamungu adabadwa m'chaka cha 1877 m'mudzi wa Chia. Chia ameneyu si uja ali pafupi ndi Nkhotakota ayi, koma wa kutsidya kwa nyanja, m'dziko la Mozambique. Ali mnyamata, amishoni a mpingo wa Angilikani adamutumiza kukaphunzira ku Kiungani, pa chilumba cha Zanzibar. Atabwerako adayamba uphunzitsi.

M'chaka cha 1902 adadzozedwa udikoni, ndipo mu 1909 adalandira unsembe. Masiku amenewo ansembe achikuda adali oŵerengeka. Ku Nkhotakota, kumene kale Jumbe ankasonkhanitsira akapolo, Bambo Kamungu ankayendera midzi ya m'mphepete mwa nyanja, kuphunzitsa ana ndi kulalikira anthu m'chiyankhulo chawo chomwe.

Bishopu Hine atasoŵa antchito ku Northern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zambia, iwo adasiya nyanja yomwe adakulira napita kwa Msoro, pakati pa Akunda. Kumeneko adatsegula sukulu m'midzi, koma sadakhalitse. Adamwalira komweko mu February 1913, akadali a nyonga zawo. Ena amati adachita kudyetsedwa chiphe. Sukulu yosula ansembe a Angilikani ku Zomba idatchedwa dzina lawo.