Michael Faraday, Mwana wa Mmisiri Wosula

Mu Julayi 1812, mnyamata wa zaka 20 yemwe ankaphunzira ntchito yosoka ndi kumata zikuto za mabuku mumzinda wa London anadula tizidutswa 7 ta zinki, tozungulira ngati makobidi. Anatenganso makobidi enieni 7 amkuwa, a mtundu wa hafupeni, ndi timapepala 6 tonyika m'madzi amchere. Anazisanjika mosinthanasinthana mpaka zinapanga kamulu, kenaka analumikiza waya wamkuwa pamwamba ndi wina pansi. Nsonga za mawayawo anaziviika m'madzi osungunuliramo mchere wa Epsom, uja anthu amamwa kuti atsegule m'mimba. Posakhalitsa mawaya onse awiri anadzaza timatuza ta mpweya, ndipo patatha maola awiri madzi amene anali mbee aja anachita matsiriri. Kamulu ka makobidi kanali kataphwasula mcherewo. Mnyamatayo anali Michael Faraday, ndipo zonsezi timazidziwa chifukwa anazilemba m'kalata yopita kwa mnzake Benjamin Abbott.

Musanawerenge mopitirira, dzifunseni chifukwa chake timapepala tinali 6 pamene zitsulo zinali zisanu ndi ziwiri mbali iliyonse. Magetsi a batire lotere amabadwa pamalo pomwe pepala lonyowa lalekanitsa zitsulo ziwiri zosiyana. Pepala loikidwa pamwamba penipeni kapena pansi penipeni likanangokhala mtolo wachabe. Faraday sanaliike, chifukwa ankadziwa ntchito ya kanthu kalikonse m'kamulu kake.

Iye anabadwa pa 22 Seputembala 1791 ku Newington Butts, kummwera kwa London. Bambo ake, James Faraday, anali wosula zitsulo koma wodwaladwala, choncho pakhomo pankagona njala. Mu 1801, zakudya zitakwera mtengo, mwanayo ankapatsidwa mtanda umodzi wa buledi kuti umufikitse kumapeto kwa sabata. Sukulu anangoilawa: kuwerenga, kulemba ndi masamu oyambirira, basi. Ali ndi zaka 13 anayamba kutumikira George Riebau, wogulitsa mabuku mumsewu wa Blandford, ndipo mu Okutobala 1805 anamulemba kukhala wophunzira ntchito kwa zaka 7.

Riebau anali bwana wachifundo. Ankamulola kuwerenga mabuku amene eniake abweretsa kudzasoketsa. M'buku la Encyclopaedia Britannica Faraday anapezamo nkhani yaitali ya magetsi, ndipo m'buku la Jane Marcet lotchedwa Conversations on Chemistry anapezamo sayansi ya kasakanizidwe ka zinthu yofotokozedwa ngati macheza a mphunzitsi ndi ana ake. Khalidwe lake linali lakuti chimene wawerenga sankachikhulupirira asanachiyese. Timakobidi tochepa tomwe ankapeza pa sabata ankagulira mankhwala oyesera. Makina ake oyamba otulutsa magetsi mwa kukhuza galasi anawapanga ndi kabotolo, ndipo pambuyo pake anapanga ena abwinopo. Kuyambira 1810 ankapita madzulo kukamvera maphunziro a sayansi kunyumba ya John Tatum, mmisiri wa siliva. Khomo linali sheleni imodzi, ndipo wolipira anali mkulu wake Robert, yemwenso anali wosula.

Kumayambiriro kwa 1812, kasitomala wina wa Riebau, William Dance, anamupatsa matikiti okamvera Humphry Davy, katswiri wotchuka wa ku Royal Institution. Faraday analemba zonse zimene anamva ndi kuona, nakujambula zipangizo, nasoka buku la masamba oposa 300 n'kulitumiza kwa Davy pamodzi ndi kalata yopempha ntchito. Davy anamulangiza kuti asataye luso lake la mabuku, pakuti sayansi silipira bwino. Koma mu Malichi 1813 wothandizira mu labotale atachotsedwa ntchito chifukwa cha ndewu, Davy anakumbukira mnyamata uja. Malipiro anali masheleni 25 pa sabata ndi zipinda ziwiri pamwamba pa nyumbayo. Ntchito yake inali yotsuka mabotolo, kupukuta zipangizo ndi kuzinyamula kupita nazo kuchipinda chophunzitsira.

Patangotha mwezi umodzi anaona mbali yoopsa ya ntchitoyi. Iye ndi Davy ankayesa mankhwala ophulika a nitrogen trichloride, omwe anali atavulaza kale diso la Davy. Ankavala zophimba nkhope zagalasi. Tsiku lina kachubu komwe Faraday anagwira pakati pa zala kanaphulika, n'kumung'amba dzanja ndi kuzomola mbali ya chikhadabo. Maso anapulumuka chifukwa cha chophimba chija. Nkhaniyi ndimaitchula chifukwa ena amaganiza kuti wopanga zipangizo zake amachepetsanso chitetezo. Faraday ankasinthanitsa botolo lodula ndi lotchipa, koma pa zoyesa zoopsazi ankavala chophimba nkhope.

Ulendo wa ku France ndi ku Italy, kuyambira Okutobala 1813 mpaka Epulo 1815, unali wowawa kwa iye, chifukwa mkazi wa Davy ankamutenga ngati wantchito wa m'nyumba. Komabe kumeneko anaona Davy akuzindikira ayodini ku Paris pogwiritsa ntchito kabokosi ka zipangizo koyenda nako, ndipo ku Milan anakumana ndi Alessandro Volta, mwini nzeru ya batire losanjika lija.

Mu 1820 Hans Christian Ørsted wa ku Denmark anapeza kuti waya woyenda magetsi amapotoza singano ya kampasi. Mu Seputembala 1821 Faraday anaimika maginito m'kapu, kuwamata pansi ndi phula, nathiramo mekyuri, chitsulo chamadzimadzi chija. Anapachika waya kuti nsonga yake ikhudze mekyuriyo. Atalumikiza batire, wayayo anayamba kuzungulira maginito osaleka. Mota yoyamba yamagetsi inali imeneyo. Apa musamutsanzire. Mekyuri ndi poizoni wowononga ubongo ndi impso, ndipo ngakhale mutamupeza kwa okumba golide, asalowe m'kalasi. Ntchito yake m'kapumo inali kungodutsa magetsi kwinaku akulola waya kuyenda momasuka. Madzi amchere wambiri amachitanso zomwezo, ngakhale mofooka.

Mu 1827 anatulutsa buku lalikulu lotchedwa Chemical Manipulation. Mulibe malamulo atsopano a sayansi m'bukuli. Muli kagwiridwe ka ntchito ndi manja: kupinda chubu chagalasi pamoto, kuboola chotsekera botolo, kupinda pepala losefera, kuyeza pasikelo, kutsuka zipangizo, ndi kugwiritsa ntchito mabotolo otha mafuta a olivi ochokera ku Florence m'malo mwa mabotolo odula a mu labotale. Analilemba ali kale mkulu wa labotale ya Royal Institution, munthu woti akanatha kuitanitsa chipangizo chilichonse. Anali asanaiwale shopu ya Riebau.

Chipangizo chake chotchuka koposa anachiyesa pa 29 Ogasiti 1831. Chinali chitsulo chofewa chosulidwa mozungulira ngati chibangili, chotambalala pafupifupi masentimita 15. Nthawi imeneyo waya wokutidwa ndi pulasitiki kunalibe. Waya wamkuwa unali wamaliseche, ndipo mizere yake ikakhudzana magetsi amadutsa chidule, osazungulira. Choncho pokulunga wayayo ankadutsitsa chingwe chopyapyala pakati pa mzere uliwonse ndi unzake, ndipo akamaliza msanjiko umodzi ankaukuta ndi nsalu ya bafuta asanayambe wina. Anakulunga mbali ziwiri za chibangilicho padera, mawaya a mbali iyi osakhudzana ndi a mbali inayo. Chinthuchi chikusungidwabe ku Royal Institution, ndipo mukachiona pachithunzi mungachiyese nkhata yosenzera mtsuko.

Mbali imodzi anailumikiza ku batire. Ya mbali inayo anailumikiza ku waya wodutsa pamwamba pa singano ya maginito, yomwe anaiika patali ndithu kuti chitsulocho chisaikoke mwachindunji. Atalumikiza batire, singano inagwedezeka kamodzi n'kubwerera pamalo pake. Magetsi ali mkati moyenda, singano inangokhala duu. Atadula batire, inagwedezekanso. Kwa zaka zingapo akatswiri, iye yemwe ali m'gululo, ankayembekeza kuti maginito ongokhala pafupi ndi waya atulutsa magetsi oyenda mosalekeza, ndipo sankapeza kanthu. Kugwedezeka kwa kamphindi kotereku munthu wofulumira akanakutcha vuto la chipangizo. Faraday anakulemba m'buku, nakutsatira. Pa 17 Okutobala anakulunga waya pa chubu chapepala, nalowetsamo maginito mwachangu: singano inapita mbali imodzi. Atawasolola, inapita mbali inayo. Atawasiya mkati osawasuntha, panalibe chochitika. Magetsi amabwera mphamvu ya maginito ikamasintha. Pa 28 Okutobala anazunguza mbale yamkuwa pakati pa milomo ya maginito aakulu, napeza magetsi oyenda osadukiza.

Makina 5 opukusa magetsi pa damu la Cahora Bassa ku Songo, omwe onse pamodzi amatha kutulutsa mamegawati 2,075, amatsata lamulo lomweli: madzi a Zambezi amazunguza maginito pafupi ndi mawaya okulungidwa. Dayinamo ya njinga ndi mdzukulu wa mbale yamkuwa ija, ndipo thiransifoma ya pamtengo wamagetsi ndi mdzukulu wa nkhata ya bafuta.

Mphunzitsi wotumizidwa kusukulu ya kumudzi kuno ku Nsadzo sadzapeza labotale, koma zoyesa ziwiri zikuluzikulu za m'nkhaniyi angathe kuzichita pa desiki. Pa batire losanjika, yambani mwayesa makobidi anu ndi maginito. Ambiri a masiku ano ndi chitsulo chongokutidwa kunja, choncho ndi bwino kusenda waya wakale wamagetsi n'kutenga mkuwa wake. Zinki ali pa malata ofolera nyumba ndi pa misomali yake. Gulu limodzi la mkuwa, pepala lamchere ndi zinki silifikitsa volti imodzi, koma magulu anayi kapena asanu amayatsa kababu kofiira ka LED, malinga miyendo yake mwailozetsa moyenera. Mukakanikiza kamuluko mpaka madzi kuyenderera m'mbali, magetsi adutsa chidule ndipo kababu sikayaka. Pa zoyesa za chubu chapepala, maginito ndi waya wopyapyala mungazipeze mu sipika ya wailesi yakufa, ndipo singano yosokera yokhuzidwa pa maginito, yoyandama pa tsamba m'mbale ya madzi, ndi kampasi yokwanira. Iikeni patali ndi maginito monga anachitira iye. Magetsi a m'nyumba ndi asidi wa batire la galimoto si zoyesera ana.

Pofufuza momwe magetsi amaphwasulira zinthu zosungunuka m'madzi, mu 1833 ndi 1834, Faraday anaona kuti Chingerezi chilibe mawu oyenera. Anafunsira nzeru kwa William Whewell wa ku Cambridge, ndipo m'makalata awo munatuluka mawu akuti anode, cathode ndi ion, osulidwa kuchokera ku Chigiriki. Chinthucho anayamba wachiona, dzina n'kubwera pambuyo. Mwana wa kuno amene wasanjika yekha mkuwa ndi zinki savutika kaya mutchule kuti batire, monga amanenera kutsidya ku Zambia, kapena pilha wa m'buku la Chipwitikizi.

Mu 1836 anamanga chibokosi cha matabwa, mawaya ndi mapepala okutidwa ndi chitsulo chopyapyala, chotalika pafupifupi mamita atatu ndi theka mbali zonse. Analowa mkati ndi zoyezera zake, kunja kukuthetheka magetsi, ndipo mkatimo sanapezemo mphamvu iliyonse. Mu 1845 anatenga chidutswa cha galasi lolemera chotsala pa ntchito ina yomwe inamudyera zaka popanda phindu lenileni, nasonyeza nacho kuti maginito amakhudza kuwala. Buku lake la mu labotale linkalembedwa ndime ndi ndime, iliyonse ndi nambala yake, ndipo manambalawo anafika 16,041. Zolephera zilimo pamodzi ndi zotheka. Masamu apamwamba sankawadziwa, ndipo amene anadzaika maganizo ake m'masamu anali James Clerk Maxwell.

Ana ankawakonda, ngakhale iye ndi mkazi wake Sarah Barnard sanabereke. Pa nyengo ya Khirisimasi anaphunzitsa achinyamata ku Royal Institution maulendo 19. Maphunziro 6 onena za kandulo, omwe anasindikizidwa mu 1861, ndiwo otchuka. Ankadutsitsa pepala pakati pa lawi mwachangu, pepalalo n'kupsa mozungulira koma pakati osapsa, umboni wakuti mkati mwa lawi simutentha ngati m'mphepete. Ankazima kandulo n'kuyatsa utsi wake chapatali pang'ono, moto n'kutsika ndi utsiwo kubwerera pa chingwe. Ankaika chinthu chozizira pamwamba pa lawi, ana n'kuona madontho a madzi otuluka m'moto.

Upulezidenti wa Royal Society anaukana. Anakananso kuthandiza boma kupanga mpweya wapoizoni pa nkhondo ya ku Crimea. Pamene ankakalamba n'kuti mutu ukumuvuta kukumbukira zinthu, ndipo mu 1858 Mfumukazi Victoria inamupatsa nyumba ku Hampton Court. Pa 12 Malichi 1862 anachita zoyesa zake zomaliza: anaika lawi pakati pa maginito amphamvu kuti aone ngati mitundu ya kuwala kwake ingasinthe. Sanaone kusintha kulikonse, ndipo analemba zomwezo m'buku. Anamwalira pa 25 Ogasiti 1867, naikidwa m'manda a Highgate. Mu 1896 Pieter Zeeman wa ku Leiden anabwereza zoyesa zija ndi chipangizo chakuthwa kuposa cha Faraday, ndipo kusinthako anakupeza.