Edward Kelley, Munthu Amene Analonjeza Mfumu Golidi

Usiku wina m'nyengo yachisanu magetsi anazima tiri pa pulepu. Aphunzitsi athu a Chemistry ndiwo analikuyang'anira sabata imeneyo, ndipo poona kuti sitingathe kuwerenga, anayatsa nyali natiperekeza ku nyumba zathu zogonamo. Pa njira anatiuza kuti pamene analikuphunzira ku Ulaya anayendapo ulendo wa usiku wonga womwewo m'mzinda wakale wa Prague, likulu la dziko la Czech Republic. Kumeneko alendo amalipira ndalama kuti munthu wodziwa mbiri awatsogolere dzuwa litalowa. Amayenda pansi m'tinjira topapatiza ta miyala, naima pa makomo a nyumba zakale kumva nthano za mizukwa ndi za anthu amene ankayesa kupanga golidi. Dzina limene aphunzitsi analitchula kawirikawiri linali la Mngerezi wina, Edward Kelley. Anzanga anaseka kwambiri nkhani yache, koma ine sindinaseke, ndipo chifukwa chache ndichinena ndikatha kufotokoza moyo wa munthuyo monga ndaupeza m'mabuku.

Poyamba tidziwe nchito imene iye ananena kuti aidziwa. Dzina lache ndi alchemy. Kwa zaka mazana ambiri anthu ophunzira a ku Ulaya ndi a ku maiko a Aluya anakhulupirira kuti zitsulo zimakula pansi pa nthaka monga mbatata, ndi kuti mtobvu ndi golidi amene sanakhwime. Tsono analikufunafuna mankhwala okhwimitsa mtobvu msanga, amene anawatcha Mwala wa Anzeru, ngakhale ambiri anati si mwala weniweni koma ufa wofiira. Si onse ochita nchitoyi amene anali akuba. Isaac Newton amene timamuphunzira mu Physics anatha zaka zambiri ali kuiyesa. Hennig Brand wa ku Hamburg anaphika mkodzo m'chaka cha 1669 poyembekeza kupezamo golidi, napeza phosphorus, yemweyo amene alembedwa pa matumba a feteleza amene makolo athu amathira m'fodya.

Kelley anabadwa pa 1 August 1555 m'mzinda wa Worcester ku Mangalande. Ali mnyamata analikudzitcha Edward Talbot, ndipo munthu akasintha dzina ife tidziwa kuti kumbuyo kwache kuli kanthu. Mbiri inamveka yakuti anagwidwa ali kulemba makalata abodza a malo, namdula makutu monga mwa chilango cha masiku amenewo, ndi kuti chifukwa chache sanalikubvula chipewa pa anthu. Mbiri imeneyi yamtsata kufikira lero.

M'mwezi wa March 1582 anagogoda pa khomo la John Dee ku Mortlake, pafupi ndi London. Dee anali munthu wamkuru ndithu: katswiri wa masamu, mlangizi wa Mfumukazi Elizabeth I, ndiponso mwini wa mabuku ochuluka kuposa anthu ambiri m'dziko lonselo. Koma anali ndi chilakolako chimodzi, cholankhula ndi angelo kuti amuululire zinsinsi za chilengedwe. Anali ndi mwala wonyezimira wonga galasi, koma iye mwini akayang'anamo sanalikuona kanthu. Kelley anayang'anamo nanena kuti ali kuona angelo ndi kumva mau ao. Kuyambira pamenepo mnyamata wa zaka 26 analikunena, ndipo mkulu wa zaka zoposa 50 analikulemba zonse mosamala, masamba ndi masamba, pamodzi ndi zilembo za chinenero chatsopano chimene Kelley anati ndicho cha angelo. Dee anamlonjeza malipiro a mapaundi 50 pa chaka. Kwathu kuno tikadangoti munthuyo anali woombeza. Chimene chindizizwitsa ine ndi ichi, kuti Dee amene sakadalola kulakwa kwa nambala imodzi m'masamu, analola kuti moyo wache wonse uyendetsedwe ndi zinthu zimene munthu mmodzi yekha anaziona.

Si angelo okha amene Kelley anabwera nao. Anaonetsanso buku lakale ndi ufa wofiira pang'ono, nati anazifukula pa phiri lina la ku Mangalande, ndi kuti ufawo ndiwo Mwala wa Anzeru.

M'mwezi wa September 1583 anthu awiriwa anatenga akazi ao ndi ana, natsagana ndi nduna ina ya ku Poland, Albert Łaski, imene inali ndi ngongole zambiri ndipo inayembekeza kuti ufa uja udzaziwombola. Ndalama za Łaski zitachepa, iwo anapitirira ku Prague m'mwezi wa August 1584. Kumeneko kunali Rudolf II, mfumu yaikuru yolamulira maiko ambiri a pakati pa Ulaya kuyambira 1576 kufikira 1612. Iyeyu anachotsa likulu lache ku Vienna m'chaka cha 1583 nakakhala m'linga la pa phiri ku Prague. Anali munthu wosakonda misonkhano ya boma. Mtima wache unali pa zithunzi, mawotchi, mikango imene anaiweta, ndi anthu odziwa nyenyezi ndi zitsulo. Dee anakaonekera kwa iye pa 3 September 1584, ndipo m'malo momkondweretsa anamuuza kuti mngelo ali kumdzudzula chifukwa cha machimo ache. Mfumu siinamuitanenso. M'chaka cha 1586 kazembe wa Papa anawaneneza kuti ali kuchita zamatsenga, ndipo anapitikitsidwa mumzindamo.

Amene anawalandira ndi Vilém wa ku Rožmberk, mwini chuma chambiri m'dziko la Bohemia, nawapatsa malo ku Třeboň. Kumeneko Kelley anatopa ndi angelo nayamba kutchuka ndi golidi. Analikusungunula chitsulo chachabe pamaso pa alendo, naponyamo kaufa kochepa, ndipo pozizira pansi pa mbiya panapezeka golidi weniweni. Arthur, mwana wa Dee, atakalamba analikunenabe kuti anaziona ndi maso ache. M'chaka cha 1587 Kelley anauza Dee kuti angelo alamula kuti iwo awiri akhale ndi zonse pamodzi, ngakhale akazi ao omwe. Dee anabvutika mtima, mkazi wache analira, komabe anabvomera. Sindifuna kunena zambiri pa ichi. Chibwenzi chao sichinakhalenso monga kale, ndipo m'chaka cha 1589 Dee anabwerera kwao, napeza mabuku ache ambiri atabedwa, namwalira wosauka.

Kodi golidi uja anachokera kuti? Aphunzitsi anatifotokozera machenjerero amene onyenga a nthawi imeneyo analikuchita. Ena anali ndi mthiko wachitsulo wobooka m'kati, wodzaza ndi ufa wa golidi, wotsekedwa ndi phula. Potakasa pa moto phula linasungunuka ndipo golidi anatsikira m'mbiya. Ena anabisa golidi m'makala, ena pansi pa mbiya yokhala ndi matako awiri. Munthu wotere ayenera kutaya golidi wache pang'ono lero kuti mawa apatsidwe wambiri.

Kelley anapatsidwa wambiri ndithu. Rožmberk anamninkha midzi ndi minda pafupi ndi Jílové kumene kunali migodi ya golidi. Rudolf anamuitana kuti abwerenso ku Prague namuika kukhala mmodzi wa omveka a ufumu wache. Anagula nyumba yaikuru pa bwalo limene lero alitcha Karlovo náměstí. Mbiri inafika ndi ku London komwe, kotero kuti Lord Burghley, nduna yaikuru ya Mfumukazi, anamlembera makalata omnyengerera kuti abwerere kwao, kapena atumize ufa pang'ono wothandiza kulipira zombo za nkhondo. Taganizani, anzanga, nduna yosunga chuma cha dziko ili kupempha kaufa kwa munthu amene anthu amati alibe makutu!

Koma kuonetsa kagolidi kodzaza chikhatho n'kwina, kudzaza nkhokwe ya mfumu n'kwinanso. Rudolf anadikira, natopa. M'chaka cha 1591 Kelley anamangidwa natsekeredwa m'linga la Křivoklát. Mlandu umene unanenedwa unali wakuti anapha munthu pomenyana ndi malupanga, chinthu chimene mfumu inaletsa. Koma mfumu inafunanso kuti m'ndendemo aulule kapangidwe ka ufa uja. Apa ndipo pamene ndimamumvera chisoni pang'ono. Akadanena kuti chinsinsi palibe, akadaphedwa monga wonyenga. Pokhala chete, mfumu inayesa kuti ali kuumira dala. Anamasulidwa patapita zaka ziwiri, koma chuma chache chinali chitalowa m'ngongole, ndipo m'chaka cha 1596 anatsekeredwanso m'linga la Hněvín pamwamba pa mzinda wa Most. Ali m'menemo analemba buku lonena za Mwala wa Anzeru nalipereka kwa mfumu, koma chitseko sichinatseguke. Anthu amati anayesa kuthawa usiku potsika ndi chingwe pa zenera, nagwa nathyoka mwendo, ndipo anafa ndi mabalawo, ena amati ndi mankhwala akupha amene anamwa yekha. Anamwalira cha kumapeto kwa 1597, ali ndi zaka 42.

Lero alendo a ulendo wa usiku uja amaima pa nyumba yache ya pa Karlovo náměstí, imene imatchedwa Nyumba ya Faust. Amauzidwa kuti pa denga pache panali chiboo chosatsekeka chimene Satana anatulutsirapo mwini nyumba, ndi kuti mwana wa sukulu wosauka anagonamo napeza ndalama imodzi ya siliva m'mbale m'mawa uli wonse, kufikira anafuna zambiri nasowa osaonekanso. Amaimanso pa nyumba ina ya ku Malá Strana, kumene amati mai wina anaona makutu odulidwa a Kelley, ndipo iye pokwiya anasandutsa mutu wa mwana wache kukhala wa bulu. M'linga la mfumu muli kanjira ka tinyumba tating'ono kotchedwa Kanjira ka Golidi, kumene nthano imati ndiko kunali opanga golidi a Rudolf, pamene zoona n'zakuti munali alonda a linga ndi amisiri osula mphete. Aphunzitsi anati alendo amakonda nthano izi kuposa kumva za Johannes Kepler, amene anafika mumzinda womwewo m'chaka cha 1600, nasindikiza m'chaka cha 1609 malamulo a kayendedwe ka mapulaneti amene ali m'mabuku athu.

Tsono ndinene chifukwa chimene sindinasekere. M'chaka cha 2024 amalume anga, amene amandilipirira fizi, anagulitsa mabelo ao a fodya napeza bwino. Pa sitolo za kwathu panafika mlendo wobvala bwino amene anati adziwa kuchulukitsa ndalama. Anapempha pepala limodzi la ndalama, naliika m'chitini, nawazamo ufa wofiira, ndipo m'mawa munali mapepala awiri. Amalume anagula nazo shuga, ndipo mwini sitolo anazilandira, pakuti zinali zenizeni. Pamenepo anapereka zoposa theka la ndalama za fodya. Anauzidwa kuti asatsegule chitini kufikira atapita masiku asanu ndi awiri, ndi kuti asauze munthu, ngakhale azakhali. Potsegula anapeza nyuzipepala zodulidwa bwinobwino. Ine ndinafika kuno pa Mtunthama sabata zitatu anzanga atayamba kale, amai atagulitsa mbuzi ziwiri. Amalume si munthu wopusa. Amadziwa kuwerenga, ndipo ndiwo amasunga mabuku a kalabu ya alimi. Rudolf anali ndi malinga otsekeramo womnyenga, koma amalume anali ndi manyazi okha, ndipo ngakhale ku polisi sanapite.

Nditawafotokozera aphunzitsi zimenezi, anandikumbutsa za ng'anjo zakale zimene zotsala zache zikali kuoneka m'nkhalango ya Kasungu National Park. Makolo athu naonso anali ndi mankhwala ao ndi zoletsa zao poyenga chitsulo, ndipo nchitoyo inachitikira kutali ndi mudzi, mobisika. Koma iwo anaikamo miyala ndi makala naturutsamo chitsulo chosulira makasu ndi nkhwangwa, popeza chitsulocho chinalimo kale m'mwalamo. Makala anangochotsa oxygen amene anachigwira. M'mtobvu mulibe golidi. Atomu ya mtobvu ili ndi maprotoni 82, ya golidi 79, ndipo palibe moto wa makala ungachotse atatuwo. M'chaka cha 2025 akatswiri a ku CERN pafupi ndi Geneva analengeza kuti makina ao aakuru anachitadi ichi, koma golidi wache anali wochepa kotero kuti diso silingamuone, ndipo anaphwasuka nthawi yomweyo.

Kelley anasiya mkazi wache Joanna ndi ana awiri omupeza ali m'umphawi, pakuti katundu yense analandidwa. Mmodzi wa anawo anali mtsikana, Elizabeth Jane Weston, amene Kelley anamlipirira aphunzitsi pamodzi ndi mlongo wache, chinthu chosachitikachitika kwa ana akazi masiku amenewo. Mtsikanayu ali ndi zaka zonga zathuzi anayamba kulemba ndakatulo m'Chilatini kwa mfumu ndi kwa akuru a boma, kupempha kuti amai ache abwezeredwe nyumba yao. Ndakatulozo zinasindikizidwa m'chaka cha 1602, ndipo anthu ophunzira a maiko ambiri a ku Ulaya anamlemekeza namlembera makalata. Za Kelley analemba monga za atate amene anamkonda. Anamwalira m'chaka cha 1612, chaka chomwecho chimene Rudolf anamwalira, naikidwa pa tchalitchi cha Tomasi Woyera ku Malá Strana. Ndinafunsa aphunzitsi ngati wotsogolera alendo uja anawaonetsa manda amenewa, ndipo anati iai, usiku umenewo anangopitirira.