Bambo Gregor Mendel, Wansembe Wowerenga Nsawawa

Gregor Mendel anabadwa chaka cha 1822 m'banja la alimi ku Heinzendorf, mudzi umene lero uli m'dziko la Czech. Umphawi ukadamletsa kuphunzira. Koma mu 1843 analowa chipani cha Augustino Woyera ku Brno, nadzozedwa unsembe mu 1847. Mayeso a uphunzitsi anamkanika kawiri konse.

Kuyambira 1856 kufikira 1863 Bambo Mendel anabzala nsawawa m'dimba la amonke. Ankatenga ufa wa duwa la nsawawa yaitali, nauika pa duwa la yaifupi. Mbewu zotulukamo zitamera, zonse zinali zazitali, ngati kuti ufupi uja watheratu. Koma ana a zimenezi atakula, iye anawerenga zazitali 787, zazifupi 277: ndiko kuti zitatu kwa imodzi. Atayang'ana mtundu wa njere, anapeza zachikasu 6,022, zobiriwira 2,001. Zitatunso kwa imodzi! Apo anazindikira kuti mbewu ilandira mbali imodzi kwa kholo lililonse, ndipo mbali yofooka siifa ayi, ingobisala. Alimi ambirimbiri anaona zimenezi nayesa mwayi chabe. Wansembeyu, pakuwerenga mosatopa, anapezamo muyeso umene Namalenga anaika ngakhale m'kanjere.

Anafotokozera anzake ophunzira mu 1865, koma iwo sanasamale kwenikweni. Mu 1868 anasankhidwa kukhala mkulu wa amonke, ndipo ntchito za udindowo, pamodzi ndi mkangano wa msonkho ndi boma, zinamlanda nthawi. Anamwalira pa 6 January 1884, tsiku la Epifania. Mu 1900 akatswiri atatu a zomera anavumbulanso zolemba zake, navomereza kuti iye ndiye anayamba.